Makilomita 5 m'masabata 9: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kuyamba kuthamanga ku Kasungu

Ambiri amene amayamba kuthamanga amasiya msanga. Si ulesi ayi. Tsiku loyamba amaliyatsa liwiro ngati akuthamangitsidwa, m'mawa mwake miyendo n'kukana kudzuka, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Pali ndondomeko yomwe inakonzedwa pofuna kupewa zimenezi, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi omwe munthu wa kuno ku Kasungu angakhale nawo asanaiyambe.

Ndondomeko yake ndi iti, ndipo inachokera kuti?

Imadziwika ndi dzina loti Couch to 5K. Anaikonza mu 1996 ndi Josh Clark wa ku America, pofuna kuti mayi ake, omwe sankathamanga n'komwe, ayambe pang'onopang'ono. Pambuyo pake bungwe loona zaumoyo ku Britain la NHS linaitenga n'kuyamba kuilimbikitsa kwa anthu ake.

Malamulo ake ndi ochepa. Mumachita katatu pa sabata kwa masabata 9, ndipo pakati pa masiku othamangawo pamakhala tsiku lopuma. Cholinga n'choti pomaliza muzitha kuthamanga mphindi 30 osaima. Dzinalo likunena za makilomita 5, koma oyamba kumene ambiri sakwanitsa mtunda umenewo m'mphindi 30. Musadandaule nazo. Chomwe mukuwerenga ndi nthawi, osati mtunda.

Sabata iliyonse ndizichita chiyani?

Tsiku lililonse mumayamba ndi kuyenda ndawala kwa mphindi 5 kuti thupi litenthe, ndipo pomaliza mumayendanso mphindi 5.

Sabata yoyamba mumathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90, kubwerezabwereza mpaka mphindi 20 zikwane. Yachiwiri mumathamanga masekondi 90 n'kuyenda mphindi 2. Yachitatu mumayamba kulawa mphindi 3 zothamanga osaima, yachinayi mphindi 5. Pa sabata yachisanu ndi pomwe pali phiri: tsiku lachitatu lake mumathamanga mphindi 20 mosalekeza. Ambiri amachita mantha akangoona nambalayo, koma ngati masabata anayi oyambawo munawatsata bwino, thupi limakhala litakonzeka ngakhale mutu ukukana. Kuchoka apo kuyenda kumachepa mpaka kutheratu: mphindi 25 pa sabata ya 7, mphindi 28 pa sabata ya 8, ndi mphindi 30 pa sabata ya 9.

Wotchi ya pafoni ndi yokwanira powerengera. Simufunika intaneti kapena bandulo.

Ine ndimalima, ndimapalasa njinga tsiku ndi tsiku. Ndiyambirenji ndi masekondi 60 ngati mwana?

Funso limeneli ndiye mtima wa ndondomeko yonse. Mlimi wa fodya amene amakweza mabelo, kapena mnyamata wa kabaza amene amanyamula anthu tsiku lonse, ali ndi mphamvu zenizeni, palibe angatsutse. Koma kuthamanga kumafuna china. Phazi lililonse likagunda pansi, mwendo umodzi umalandira kulemera koposa kwa thupi lonse, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa mphindi imodzi yokha. Khasu ndi njinga sizigwedeza mafupa mwanjira imeneyo.

Vuto lake n'lakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pomwe mafupa, mawondo ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatenga nthawi yaitali. Ndiye pakatha masabata awiri munthu amaona kuti sakupumanso wefuwefu, n'kuganiza kuti wafikapo, n'kuwonjezera mtunda. Pakapita masiku angapo misongolo imayamba kuwawa, kapena kuseri kwa chidendene. Kuyenda kwa pakatikati kuja ndi masiku opumawo anaziikamo dala kuti miyendo iupeze mtima. Aliyense amene anasamalirapo nazale amadziwa kuti mbande ya fodya saiokera kumunda isanakhwimitsidwe, ngakhale ioneke yobiriwira chotani.

Ngati mumasewera mpira Loweruka lililonse, mutha kuyambira pa sabata yachitatu. Koma tsiku lopuma musalidumphe, kaya ndinu ndani.

Ndizithamanga liwiro lotani?

Loti mukakumana ndi achikulire panjira n'kukupatsani moni, muthe kuyankha kuti "tadzuka bwino, kaya inu" mpweya osakutherani. Ngati mukungokweza dzanja chifukwa mawu sakutuluka, mwachulutsa. Oyamba ambiri liwiro lawo loyenera limangoposa pang'ono kuyenda ndawala, ndipo ana asukulu adzakupitirirani akuseka. Asiyeni apite.

Nsapato zake ndi ziti? Za pakaunjika zingachite?

Zingachite ndithu, ndipo ambiri mwa ife ndi zomwe tingakwanitse. Koma pamafunika diso, chifukwa nsapato yothamangira imatha mkati kunja kukuonekabe bwino. Akatswiri amati imagwira ntchito makilomita apakati pa 500 ndi 800, kenako chofewa cha pansicho chimafooka. Ya pakaunjika ina imafika kuno mwini wake woyamba atamaliza kale mtunda umenewo, wogulitsa n'kungoichapa kuti iwale.

Mukaipeza mumsika, itembenuzeni muone soli. Ngati kuchidendene yadyeka mbali imodzi, isiyeni, idzapotoza kaponde kanu. Iikeni pamalo osalala muone ngati ikuima chilili kapena ikupendekeka. Dinani ndi chala m'mbali mwa soliyo: yabwino imabwerera, yotha imakhala yolimba ndi makwinya ambirimbiri. Ipindeni: iyenera kupindika kutsogolo komwe kumakhala zala, osati pakati. Onaninso ngati zonse ziwiri ndi za saizi imodzi, poti pamulu paja nthawi zina amaphatikiza zongofanana mtundu.

Kayeseni madzulo, chifukwa phazi limafufuma pang'ono tsiku likamapita, ndipo muvale masokosi omwe muzithamangira. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Nsapato yothina imabweretsa matuza ndi kudetsa zikhadabo, ndipo mawu a wogulitsa oti "itambasuka mukamavala" musawamvere. Dzina la kampani lisakutengeni mtima. Nsapato yopanda dzina yokukwanani bwino imaposa ya Nike kapena Adidas yomwe ikukulumani.

Nsapato za mpira zokhala ndi mano kupansi sizoyenera pamsewu, mapatapata ndiye musayerekeze.

Nanga opanda nsapato? Si ena anapambana chonchi?

Zoona, Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa makilomita 42 pa masewera a Olimpiki ku Rome mu 1960 ali chosavala kuphazi. Pabwalo la udzu losesedwa bwino, munthu wozolowera kuyenda pansi atha kutero. M'njira zathu muli minga, mabotolo osweka ndi zitsa za chimanga, ndipo tala ya mu Okutobala imawotcha. Valani nsapato.

Ndizithamangira kuti?

Poyambira palibe choposa bwalo la mpira la pasukulu yapafupi, mutapempha kwa ahedi. Ndi pathyathyathya, palibe galimoto, ndipo nthaka ndi yofewa kuposa tala. Kuzungulira bwalo lalikulu kamodzi ndi mamita pafupifupi 350, choncho maulendo atatu angopitirira pang'ono kilomita imodzi. Misewu yafumbi yolowera kumidzi ndi kumaesiteti ndi yabwinonso, bola muziyang'ana maenje ndi mchenga wambiri womwe umapotokola akakolo.

Msewu wa M1 umakopa chifukwa ndi wosalala, koma ndi woopsa. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye woyenda pansi kapena wothamanga azikhala kumanja, kuyang'anizana ndi galimoto zomwe zikubwera, kuti aione yomwe ikumulunjika n'kupatuka. Mukakhala awiri kapena atatu muzitsogozana, osati kuyandikana m'mbali. Mahedifoni asiyeni kunyumba, chifukwa njinga zamoto zimatulukira paliponse, zina zopanda nyale. M'bandakucha valani malaya oyera kapena owala. Nyengo yogulitsa fodya, pomwe malole opita kumsika wa Chinkhoma amachuluka, ine ndingakonde kuti mungoupewa msewuwo.

Phiri la Kasungu lisungeni mpaka mutamaliza masabata 9, ndipo ngakhale pamenepo kwerani choyenda. Kunkhalango ya Kasungu National Park si kothamangirako. Muli njovu, njati ndi nyama zina, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu zina 263 kuchokera ku Liwonde. Amene mumakhala m'midzi ya m'malire mwa nkhalangoyi musatuluke kusanache bwinobwino.

Pali malo enanso omwe mwana wa kuno sauzidwa kawiri, koma alendo obwera kudzagwira ntchito paboma sawadziwa: musadule njira kumanda kapena kufupi ndi dambwe. Mukakumana ndi gule, patukani mwaulemu. Mukadutsa pamudzi pomwe pali maliro, lekani kuthamanga, yendani mpaka mutapitirira.

Agalu ndiwatani?

Galu amathamangitsa chomwe chikuthawa. Akakulondolani imani, musamuyang'ane m'maso, bwererani pang'onopang'ono. Akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Nthawi yabwino ndi iti?

M'mawa dzuwa likungotuluka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumayamba msanga, ndiye ikamakwana 7 koloko mukhale mutabwerako. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kuno, poti tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, choncho musafupikitse kuyenda kotenthetsa thupi kuja. Nthawi ya dzinja mukamva mabingu bwererani kunyumba. Pabwalo loyera munthu ndiye amakhala chinthu chachitali chomwe mphenzi ingapeze. Amene akufuna kuyamba, miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi yokoma: mvula yatha, fumbi silinachuluke, madambo akadali obiriwira.

Ndidye chiyani, ndimwe chiyani?

Pa mphindi 30 simufunika zakumwa zogula. Kapu ya madzi musananyamuke ndi ina mukabwerako n'zokwanira, kukatentha onjezerani. Ngati m'mimba muli zii, nthochi imodzi ichita. Ngati mwadya nsima, papite maola awiri kapena atatu musanathamange. Mukabwerako, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, kapena thobwa zibwezeretsa mphamvu. Wamatsire a kachasu asathamange, thupi lake lili kale louma.

Ndani ayambe waonana ndi achipatala?

Amene ali ndi matenda othamanga magazi, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, amayi oyembekezera ndi omwe angobereka kumene, komanso aliyense wachikulire yemwe watha zaka osachita masewera. Kawirikawiri sadzakuletsani, adzangokuuzani poyambira. Kuyezetsa BP n'kwachangu, chitani musanayambe.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda modabwitsa, imani pomwepo. Thupi likatentha, kayezetseni malungo. Maganizo oti munthu angachotse malungo potuluka thukuta ndi olakwika ndipo angakuikeni pangozi. Malizani mankhwala, mphamvu zibwerere, kenako yambirani pa sabata yotsika.

Kuwawa kwa minofu komwe kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri n'kwachibadwa. Kuwawa kobaya pamalo amodzi, komwe kukukula mukamathamanga kapena kukupangitsani kutsimphina, kumafuna kupuma.

Ndadumpha sabata chifukwa cha maliro kapena ntchito yakumunda. Ndiyambirenso pachiyambi?

Ayi. Bwerezani sabata yomwe munasiyira. Mukadumpha masabata atatu kapena kuposa, bwererani m'mbuyo masabata awiri. Ngakhale osadumpha, sabata yomwe yakuvutani ibwerezeni. Amene wamaliza m'masabata 12 wafika pomwe pafika wa masabata 9.

Ndine mayi, anthu adzandinena. Nditani?

Adzanena, makamaka kumudzi, ndipo ena adzafunsa kuti mukuthawa chiyani. Zimatha akakuzolowerani. Pezani anzanu awiri kapena atatu, a kumpingo, a kubanki m'khonde kapena akuntchito, muzipitira limodzi. Pagulu mawu achipongwe amachepa ndipo pamakhala chitetezo. Buluku lamasewera ndi malaya aatali zimakwanira, chitenje n'kumanga m'chiuno popita ndi pobwera ngati mukufuna. Kamisolo yogwira bwino ndi yofunika mofanana ndi nsapato, ndipo nayo imapezeka pakaunjika. Uzani akunyumba njira yomwe mwadzera.

Masabata 9 akatha, kenako chiyani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimba kwa mphindi zosachepera 75 pa sabata, kapena ofatsa kwa mphindi 150. Kuthamanga mphindi 30 katatu ndi mphindi 90, ndiye mutha kungopitiriza chomwecho osawonjezera kanthu. Ofuna makilomita 10 atalikitse tsiku limodzi lokha pa sabata, ndi mphindi zochepa nthawi iliyonse, masiku awiri enawo akhale momwe analili. Mipikisano ikuluikulu ngati Porters Race ya kuphiri la Mulanje, komwe amakwera ndi kutsika phiri mtunda wopitirira makilomita 20, imafuna chaka kapena kuposerapo chokonzekera, komanso nsapato za mano ogwira miyala, zosiyana ndi zomwe munagula poyamba.