Gumbwa wa ku Igupto ndi shelefu ya mafunso: ophunzira a Chimormon amakhala bwanji ndi chikhulupiriro chawo?

Ndimaphunzitsa mbiri ya zipembedzo, ndipo chaka chilichonse tikafika pa mutu wa a Mormon pamapezeka wina wokweza dzanja. Chaka china anali mtsikana wokhala kutsogolo, amene anali atangocheza kumene ndi anyamata aja ovala malaya oyera ndi mataye, oyenda awiriawiri m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Anati, "Aphunzitsi, munthu wopita kusukulu mpaka kukhala dokotala angakhulupirire bwanji zoti mnyamata wa ku New York anafukula mapale agolide paphiri, nawamasulira, kenako mngelo nkuwatenganso?"

Ine si wa mpingo umenewu, koma funsoli ndimalilemekeza, ndipo anthu amene likuwanena ndimawalemekezanso. Dzina lenileni la mpingowu ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, ndipo kuyambira 2018 atsogoleri ake akhala akupempha kuti dzina loti Mormon lisiyidwe. Ndiligwiritsa ntchito pano chifukwa ndi limene ambiri timalidziwa.

Choyamba tichotse maganizo oti nkhani ndi umbuli. Henry Eyring, katswiri wa chemistry amene mu 1935 anafotokoza zimene zimachititsa kuti mankhwala akasakanizana asinthe mofulumira kapena mochedwa, anali wa mpingowu mpaka imfa yake mu 1981. Russell M. Nelson, amene anakhala mtsogoleri wamkulu mu 2018, anali dokotala wochita maopaleshoni a mtima. Richard Bushman anaphunzitsa mbiri pa Columbia University, ndipo mbiri imene anatulutsa mu 2005 ya Joseph Smith, mnyamata wa mapale uja amene anayambitsa mpingowu, sinabise kanthu, ngakhale za akazi ambiri ndi za miyala yoonera zobisika. Kafukufuku wa Stan Albrecht ndi Tim Heaton wa 1984 anapeza kuti pakati pa a Mormon a ku America, ophunzira kwambiri ndiwo amalimbikira kupita kutchalitchi kuposa osaphunzira.

Vuto la mpingowu ndi loti ndi wa dzulodzuloli. Unayamba pa 6 April 1830, m'nthawi ya nyuzipepala, makhoti ndi makalata osungidwa. Zimene zimanenedwa za Mose sitingathe kuziika patebulo nkuziyeza. Zina za Joseph Smith tingathe, ndipo zinaikidwadi.

Mu 1835 munthu wina wotchedwa Michael Chandler anafika ku Kirtland, Ohio, akuonetsa mitembo inayi youmika ya ku Igupto ndi mipukutu ya gumbwa. Anthu a mpingowu anasonkha madola 2,400 nagula zonse. Joseph Smith ananena kuti mpukutu wina unali ndi zolemba za Abrahamu, ndipo zimene anamasulira zinasindikizidwa mu 1842. Lero ndi gawo la malemba awo opatulika. Pa nthawiyo ku Ohio kunalibe wodziwa kuwerenga zilembo za Aigupto, pakuti Champollion anali atangotulukira kumene njira yake ku France mu 1822. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti gumbwa yense anapsa pa moto wa ku Chicago wa 1871. Kenako mu 1967 Metropolitan Museum of Art ya ku New York inapereka kumpingowu zidutswa 11 zimene inkasunga.

Pa chidutswa chimodzi pali chithunzi. Munthu wagona pa kama wa mutu ndi miyendo ya mkango, mwendo umodzi wautukula, pansi pa kamayo pali mitsuko inayi, ndipo wina waimirira pambali. Pamalo pamene panayenera kukhala mutu wa woimirirayo, gumbwa anang'ambika. Joseph Smith anati wogonayo ndi Abrahamu ali paguwa, woimirirayo ndi wansembe wofuna kumupha. Akatswiri a zolemba za Aigupto, a mpingowu ndi akunja omwe, anawerenga zilembo za m'mbali napeza kuti ndi kalata ya maliro ya wansembe wina dzina lake Hor, yolembedwa zaka zoposa chikwi Abrahamu atapita. Woimirirayo akuti ndi Anubis, mulungu wa mutu wa nkhandwe woyang'anira zoumika mitembo. Dzina la Abrahamu mulibemo. Mpingo weniweniwo unavomereza mu 2014, m'nkhani imene unaika pa intaneti, kuti zilembo za pa zidutswazi sizigwirizana ndi zimene Joseph Smith analemba.

Ndiye munthu wanzeru wokhulupirira amatani? Ena amati zimene zinapezeka ndi kachigawo chabe, mpukutu wa Abrahamu weniweniwo ndi umene unapsa. Yankho ili limapunduka pa chithunzi chija, chifukwa icho chilipo ndipo tanthauzo limene Joseph Smith anachipatsa lilipo. Ena ambiri masiku ano amatsata njira yachiwiri. Amati mawu oti "kumasulira" kwa Joseph Smith sankatanthauza ntchito ya womasulira wa kukhoti. Gumbwayo anangodzutsa maganizo ake, uthenga unachokera kwa Mulungu. Amakumbutsa kuti ngakhale Buku la Mormon, limene ankati analimasulira kuchokera pa mapale agolide, malinga ndi mboni zimene zinali m'chipindamo, mbali yaikulu ankalinena atazika nkhope m'chipewa momwe munali kamwala, osayang'ana mapale aja. Chithunzi cha kamwalako mpingo unachitulutsa mu 2015.

Njira iyi ili ndi mtengo wake, ndipo oona mtima pakati pawo amaudziwa. Ukavomera kuti mneneri ankaganiza kuti akuwerenga zilembo pamene sankaziwerenga, wavomera kuti mneneri angalakwitse pa nkhani ya vumbulutso lake lomwe. Komanso wachotsa chikhulupiriro pamalo pamene umboni ungachifikire. Wotsutsa amati uku ndi kuthawa. Wokhulupirira amati ndi kukula, monga mmene Akhristu ambiri anasiyira kuwerenga masiku asanu ndi limodzi a m'Genesis ngati masiku a pakalendala. Eyring uja ankavomereza poyera kuti dziko lili ndi zaka mabiliyoni, ngakhale mtumwi wina wa mpingo wake, Joseph Fielding Smith, ankaphunzitsa zosiyana. Ankakonda kubwereza malangizo a bambo ake, oti mumpingomu sukakamizidwa kukhulupirira chinthu chimene si choona.

Za DNA zinayenda chimodzimodzi. Mawu oyamba a Buku la Mormon a mu 1981 ankati anthu ochokera ku Yerusalemu ndiwo makolo aakulu a Amwenye a ku America, eni nthaka a kumeneko. Sayansi ya magazi inaonetsa kuti makolo awo anachokera ku Asia. Patapita zaka pafupifupi 25 mawuwo anasinthidwa, tsopano amati ali "m'gulu la" makolowo. Akatswiri a mpingowu ngati John Sorenson anali atayamba kale kunena kuti nkhani za m'bukuli zinachitikira kadera kakang'ono ka ku Central America, pakati pa mitundu ina yambiri.

Koma ndikanena zonsezi m'kalasi ndimaona kuti ndikusocheretsa ana, ngati kuti a Mormon amakhulupirira chifukwa chopambana mikangano. Sizili choncho. Lowani m'tchalitchi chawo Lamlungu loyamba la mwezi, tsiku losala kudya. Ulaliki palibe. Aliyense wofuna amanyamuka kupita kutsogolo, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, mayi wonyamula khanda, pulofesa, ndipo ambiri amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Ndikudziwa kuti mpingo uwu ndi woona." Akuti ndikudziwa, osati ndikuganiza. Kudziwa kumeneku amakutenga pa lonjezo la pa Moroni 10:4 m'Buku la Mormon, loti ukawerenga nufunsa Mulungu ndi mtima woona, Mzimu Woyera adzakuonetsa. Pa Alma 32, m'buku lomwelo, pali fanizo la mbewu: ibzale, uione ngati imera. Kwa munthu wa sayansi fanizoli limakoma, chifukwa likumveka ngati kuyesa chinthu mulabotale. Wasiya mowa ndi fodya, wapereka chakhumi, watumikira zaka ziwiri kudziko lachilendo, ndipo moyo wake wabala zipatso zimene akuziona ndi maso. Zimenezo amaziwerenga ngati umboni.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo. Mtendere wa mumtima ndi weniweni, sindiukana. Koma Msilamu amaumva, wa Katolika amaumva, ndipo sungatiuze ngati ku America wakale kunali akavalo kapena malupanga achitsulo monga Buku la Mormon limanenera. Mbewu yomera imatsimikiza kuti moyo wotere ndi wabwino kuukhala. Za chilembo cha pa gumbwa siinenapo kanthu.

Mafunso otsala amawaika pa chimene iwo eni amachitcha shelefu. Funso ulibe yankho lake, uliike pamenepo, upitirize kupemphera, mwina mawa lidzayankhidwa. Izi si zachilendo, wasayansi aliyense ali ndi zotsatira zimene sanazimvetse koma sataya nazo chiphunzitso chonse. Amene anatuluka amagwiritsa ntchito mawu omwewo, amati shelefu inathyoka. Hans Mattsson wa ku Sweden, amene anali mmodzi wa atsogoleri a mpingowu ku Europe, anauza New York Times mu 2013 kuti zambiri za mbiri yovutayi anazidziwa anthu ake atayamba kumubweretsera mafunso ochokera pa intaneti. Ndikawerenga nkhani za anthu otere ndimaona kuti chimene chimawapweteka kwambiri ndi kuzindikira kuti sanauzidwe. Amene anakula akudziwa za chipewa ndi kamwala sagwedezeka msanga.

Kwa ife anthu akuda funso lolemera pa shelefuyo ndi lina. Kuyambira 1852, m'nthawi ya Brigham Young, mneneri amene analowa m'malo mwa Joseph Smith, mpaka June 1978, mwamuna wakuda sankaloledwa unsembe, ndipo amuna ndi akazi akuda sankaloledwa miyambo ya m'kachisi. Zaka 126. Atsogoleri ankaphunzitsa za temberero la Kaini. Mu 1973 dokotala wina wa mpingowu, Lester Bush, anafufuza m'makalata akale naonetsa kuti m'masiku a Joseph Smith munthu wakuda, Elijah Abel, anadzozedwa unsembe mu 1836, ndipo panalibe vumbulutso lolembedwa loyambitsa chiletsocho. Nthawi yomweyo ku Ghana Joseph William Billy Johnson ndi ku Nigeria Anthony Obinna ankasonkhanitsa anthu m'dzina la mpingo umene unali usanawabatize. Mtsogoleri wamkulu wa nthawiyo, Spencer W. Kimball, atachotsa chiletsocho, amishonale anawapeza akudikira. Mu 2013 mpingo unakana poyera ziphunzitso zonse zoti khungu lakuda ndi temberero, koma sunanene mosabisa kuti chiletso chenichenicho chinali cholakwa. Wokhulupirira wophunzira amati apa nzeru ndi vumbulutso zinagwira ntchito limodzi, kafukufuku anatsegula khomo ndipo pemphero linamaliza. Ine ndimafunsabe kuti ngati aneneri khumi anasunga chinthu chotere, wa mumpingo angadziwe bwanji chimene akulakwitsa lero. Funso limeneli a Mormon akuda ambiri amalinyamula okha, ndipo samalipeputsa.

Tisaiwalenso kuti nzeru zimatumikira mtima. Munthu wochenjera amapeza msanga zifukwa zotetezera chimene amachikonda, kaya ndi kukhala kaya ndi kuchoka. Ku Utah, kumene kuli likulu la mpingowu, kuchoka kungakutayitse malo pa ukwati wa mwana wako m'kachisi, ndipo kwa amene amakhulupirira kuti banja limamangidwa kwamuyaya, nkhaniyo imafika mpaka kuseri kwa manda.

Zidutswa 11 zija zinafika m'manja mwa anthu awiri ophunzira. Hugh Nibley, pulofesa wa pa Brigham Young University wodziwa zinenero zakale zambiri, analemba za izo kwa zaka makumi, akufufuza kufanana kwa miyambo ya Aigupto ndi ya m'kachisi wa mpingo wake, namwalira mu 2005 ali wokhulupirira. Thomas Stuart Ferguson, loya amene mu 1952 anayambitsa bungwe lofukula zakale ku Mexico pofuna kupeza mizinda ya m'Buku la Mormon, anatumiza zithunzi za gumbwayo kwa akatswiri akunja. Atalandira mayankho, makalata ake kwa anzake amaonetsa kuti anasiya kukhulupirira kuti Joseph Smith ankatha kumasulira. Sanatuluke mumpingo. Anakhalabe momwemo pamodzi ndi banja lake mpaka anamwalira mu 1983.