Buku loyenda pang'onopang'ono silinafe

Alembi ambiri akalowa m'sitolo yanga ya mabuku pa boma la Kasungu amafunsa ngati buku lawo latha, ndipo ndikawayankha kuti mwezi uno agulidwa makope asanu okha, nkhope imagwa ngati ndawauza uthenga wa maliro. Maganizo amenewa andikwana. Amayerekeza buku lawo ndi mabuku a sukulu, amene amathamanga chifukwa ali pa silabasi ndipo ana adzawayankha pa mayeso a MANEB, koma mwayi wotere umagwera mabuku ochepa kwambiri, ndipo silabasi ikasintha amatsala ali mulu m'makatoni.

Amene amandilipirira lendi m'miyezi yopanda sukulu ndi mabuku osatchuka: la miyambi, la ulimi wa nkhuku, la nyimbo za m'tchalitchi, la ndakatulo limene mphunzitsi mmodzi amauza mnzake. Buku lotere likatuluka makope asanu mwezi uliwonse kwa zaka khumi, lagulitsa 600, ndipo wofalitsa sanawonongenso ndalama zolengezera. Makampani ngati CLAIM Mabuku ndi Kachere ya ku Zomba amasunga mitu yambiri yakale pa mndandanda wawo, ndipo wogulitsa aliyense amadziwa kuti mitu yotereyi ndiyo imabweretsa kasitomala kachiwiri.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya bambo ena, mphunzitsi wopuma, amene analemba mbiri ya mudzi wawo mokoma ndithu. Ndinawalangiza kuti ayambe ndi makope 200. Kenaka kunabwera munthu wodzitcha wofalitsa mabuku, n'kuwalonjeza kuti ali ndi anzake ku unduna ndipo bukulo lilowa m'sukulu zonse. Bambowo anatenga ndalama zonse za fodya amene anagulitsa ku Chinkhoma n'kusindikiza makope 3,000. Wosindikiza sanawanamize ponena kuti mtengo wa kope limodzi umatsika mukachulukitsa, popeza ndalama zokonzera mapuleti a makina osindikizira zimakhala zomwezo, koma kutsika mtengoko kulibe phindu ngati ogula ali 60 pa chaka. Bukulo linatuluka lopanda mkonzi, lopandanso nambala ya ISBN yozindikiritsa buku, imene m'dziko muno imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Wodzitcha wofalitsa uja foni yake sinapezekenso. Makatoni anakhala m'chipinda chosungira chimanga mpaka chiswe chinalowamo, ndipo chondiwawa n'chakuti bukulo anthu amalifunsabe.

Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti buku livomerezeke m'sukulu, mufunseni kuti akuonetseni mabuku amene anafalitsa kale ndi sitolo zimene akugulitsidwa, ndipo musapereke tambala popanda pangano lolembedwa. Koma makope a buku lanu akatha, musazengerezenso kusindikiza ena ochepa. Mapepala amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anadikira analipira zambiri. Pakapita miyezi ingapo buku lisakupezeka, wogula amabwereka kope la mnzake n'kupita nalo kwa anyamata a fotokope pamsika, ndipo mlembi sapezapo kanthu.