Chimene chinamaliza nsomba za cod ku Newfoundland

Kwa zaka zambiri, anthu ena m'chigawo cha Newfoundland ndi Labrador, kum'mawa kwa Canada, akhala akukhulupirira kuti nyama za m'nyanja zotchedwa seal ndizo zinamaliza nsomba za cod, zimene zinadyetsa midzi ya m'mphepete mwa nyanjayo kwa zaka pafupifupi 500. N'zoona kuti nyamazi zimadya nsomba, koma zinakhalira limodzi ndi cod kuyambira kalekale popanda kuzitha.

Chinasintha ndi kaphedwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, sitima zikuluzikulu za ku Ulaya zokoka makoka pansi pa nyanja zinkapha nsomba ngakhale pamalo oswanirana, ndipo mu 1968 mokha zinaphedwa zoposa matani 800,000. Canada itakulitsa malire ake apanyanja mu 1977, makampani ake anapitiriza kaphedwe komweko, ngakhale asodzi a maboti ang'onoang'ono ankachenjeza kuti nsomba zikuchepa ndiponso zikugwidwa zisanakule. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu odziwa nyanjawa sanamveredwe.

Pa 2 Julayi 1992, nduna ya zausodzi ya Canada, John Crosbie, inaletsa usodziwu, ndipo anthu pafupifupi 30,000 ntchito inawathera.