Chimbale chomaliza cha Bread ndi mkangano umene unalitha gululi

Gulu loimba la Bread linayamba ku Los Angeles mu 1968, ndipo olemba nyimbo akuluakulu anali awiri: David Gates ndi James Griffin. Pa chimbale chilichonse ankagawana malo pafupifupi mofanana. Vuto linali pa timbale ting'onoting'ono timene kampani ya Elektra inkatumiza ku mawayilesi. Kalelo kachimbale kotere kankakhala ndi nyimbo imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, ndipo owulutsa mawu ankakonda kuika ya kutsogoloyo. Kuyambira pomwe Make It with You inafika pa nambala 1 ku America mu 1970, nyimbo za Gates ndi zomwe zinkakhala kutsogolo. Za Griffin zinkangoponyedwa kumbuyo.

Griffin sanali mmisiri wamba. Iye ndi Robb Royer, amene anali nawo poyambitsa gululi, analemba mawu a nyimbo ya mufilimu imene inapata mphoto ya Oscar. Koma anthu ogula ankafuna mawu ofewa a Gates, ndipo kampani sikanasiya chimene chikubweretsa ndalama. Kunena zoona, onse anali ndi mfundo. Ngakhale zinali choncho, n'zowawa kuimba usiku ndi usiku pamaso pa anthu amene akungodikira nyimbo za mnzako. Mu 1973 gulu linatha, atatulutsa zimbale zisanu.

Mu 1976 anabwererana anthu anayi: Gates, Griffin, Mike Botts woimba ng'oma, ndi Larry Knechtel amene analowa m'malo mwa Royer mu 1971. Chimbale chawo chachisanu ndi chimodzi, Lost Without Your Love, chinatuluka mu January 1977. Nyimbo yotchedwa dzina lomwelo inafika pa nambala 9, ndipo inali nyimbo yawo yomaliza kulowa m'gulu la nyimbo khumi zotchuka kwambiri. Analemba ndani? Gates yemweyo. Zaka zopumira zija sizinasinthe kanthu, ndipo pasanapite nthawi Griffin anachokanso.

Apa nkhani inachoka pa nyimbo n'kupita pa dzina. Gates anapitiriza kuyenda ndi Botts ndi Knechtel, akudzitcha David Gates & Bread. Griffin anati ayi, dzinali ndi lathu tonse, ndipo nkhani inakafika kukhoti. Pofika kumapeto kwa 1978 dzinali linali litasiya kugwiritsidwa ntchito, ndipo mlanduwo unatha mu 1984.

Anadzagwirizananso mu 1996 ndi 1997, n'kuyenda m'mayiko osiyanasiyana kuimba nyimbo zakale zija, koma sanajambule chimbale chatsopano. Griffin ndi Botts anamwalira mu 2005, Knechtel mu 2009.