Ashasta a ku California: mbiri yofunika kwa mphunzitsi asanatume ana kukafufuza

Mwana wa giredi 3 kapena 4 ku California akapatsidwa ntchito yofufuza za mtundu wa Shasta, umodzi mwa mitundu ya anthu oyamba kukhala m'dziko la America Azungu asanafike, amayamba kusochera pa kompyuta pomwepo. Akalemba dzinali pa intaneti, zimene zimabwera ndi damu la Shasta, nyanja ya Shasta ndi boma la Shasta County kumene kuli mzinda wa Redding. Komatu dera limenelo eni ake ndi Awintu ndi mitundu ina. Kwawo kwa Ashasta ndi kumpoto kwake, ku Siskiyou County, m'zigwa za mitsinje ya Klamath, Scott ndi Shasta, mpaka kuwoloka malire kulowa ku Oregon cha ku Ashland. Palinso a Shasta Costa a kumunsi kwa mtsinje wa Rogue, omwe chilankhulo chawo n'china. Choncho phunziro loyamba likhale la mapu: ana ajambule mitsinje itatuyo, ndipo tsamba lililonse losatchula ngakhale umodzi mwa mitsinjeyi alikayikire.

Vuto lalikulu lili pa magwero a nkhani. Zambiri zimene mabuku a ana amanena za moyo wakale wa Ashasta zinachokera m'zolemba za Roland Dixon za mu 1907 ndi za Catharine Holt za mu 1946, ndipo onse awiri anadalira kwambiri bambo mmodzi wa ku mtsinje wa Klamath, Sargent Sambo. Bamboyu ankadziwa zambiri, koma zonena za munthu mmodzi wa chigwa chimodzi sizingaimire midzi yonse. Mwana aphunzire kufunsa mafunso atatu pa chilichonse chimene wawerenga: ananena ndani, analemba ndani, chinali chaka chanji.

Kuti ofotokoza akhale ochepa chonchi, chinachititsa ndi golide. Gulu la Peter Skene Ogden la kampani ya Hudson's Bay linadutsa m'derali cha mu 1827 likusaka zikopa, koma chipwirikiti chenicheni chinadza golide atapezeka ku Scott Bar mu 1850 ndi ku Yreka mu 1851. Okumba anadetsa mitsinje ndi matope, nsomba zinachepa, midzi inatenthedwa, anthu anaphedwa. Pa 4 Novembala 1851 nthumwi ya boma, Redick McKee, inasainirana pangano ndi atsogoleri ku Scott Valley lowalonjeza malo awoawo. Panganoli linali limodzi mwa mapangano 18 a ku California amene nyumba ya malamulo ya Senate inawakana mu 1852, n'kuwabisa mpaka 1905. Nkhondo za ku Rogue River za 1855 ndi 1856, za pakati pa Azungu ndi eni nthaka, zitatha, Ashasta ambiri anasamutsidwira ku malo amene boma linawapatulira ku Grand Ronde ndi ku Siletz ku Oregon, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo, Tecumtum, anakatsekeredwa kundende ya Alcatraz.

Pa pangano la 1851 pali mkangano umene mphunzitsi sayenera kuuzemba. M'mabanja a Ashasta mumafotokozedwa kuti pa phwando la panganolo anthu anapatsidwa chakudya chothira poizoni ndipo ambiri anafa. Zolemba za gulu la McKee sizitchula zimenezi, ndipo akatswiri ena a mbiri amaikayikira nkhaniyi. Kwa ana a zaka 9 n'kokwanira kuika mbali ziwirizi poyera ndi kuwafunsa kuti pa nthawiyo cholembera chinali m'manja mwa yani. Kuwauza kuti zolembedwa zokha ndiye zoona n'kuwaphunzitsa kufufuza mokhota.

Pa za moyo wa tsiku ndi tsiku, ana amamva msanga akagwira ntchito ndi manja, ndipo ntchito yoyenera ndi ya ufa wa acorn, mbewu za mtengo wa oak. Pamodzi ndi nsomba za salmon ndi nyama ya gwape, chimenechi chinali chakudya chachikulu. Mbewuzi zimawawa chifukwa cha tannin, mankhwala achilengedwe amene ali m'katimo, kotero zimafuna kusukuluza monga muja amachitira ndi chinangwa chowawa asanapange kondowole. Amayi ankaziyanika, kuziswa, kuzisinja pa mwala atasanjikapo dengu lopanda pansi kuti ufa usamwazike, kenako kuyala ufawo pa mchenga n'kumathira madzi mpaka kuwawa kutatha. Phala ankaphikira m'dengu lolukidwa mothina, akuponyamo miyala yamoto n'kumatakasa kuti dengu lisapse. M'kalasi, mbewu zobooka ndi zoyandama pa madzi zitayidwe chifukwa zimakhala zofumbwa. Ufa uikidwe m'botolo la madzi ozizira, madziwo azisinthidwa tsiku lililonse kwa masiku angapo. Ukakhala wamisere kuwawa sikutha, chifukwa madzi salowa mkati mwa timibulu. Za miyala yamoto zingofotokozedwa pakamwa, poti miyala ya mumtsinje imaphulika pa moto. Makolo afunsidwenso ngati ana awo amadwala akadya mtedza, aliyense asanalawe.

Pojambula nyumba, ana ambiri amajambula matenti a zikopa ndi zisoti za nthenga zimene amaona m'mafilimu. Zimenezo n'za mitundu ya kutali kum'mawa. Nyumba ya m'nyengo yozizira ya Ashasta inkakumbidwa pansi pafupifupi mita imodzi n'kufoleredwa ndi matabwa, ndipo m'nyengo yotentha ankakhala m'misasa. Amayi ankavala zipewa zoluka, ndalama zinali zigoba za dentalium zochokera kunyanja, ndipo asing'anga ambiri anali akazi. Miyambo ya chinamwali cha atsikana ndi magule a asing'anga si zoti ana azichitira sewero.

Lipoti la mwana lisathere pa mawu akuti "ankatero". Ashasta alipo: ena ali mu Quartz Valley Indian Community, imene boma linaichotsa pa mndandanda wa mitundu yovomerezeka n'kuibwezeretsa mu 1983, ena ali ku Siletz ndi ku Grand Ronde, pomwe gulu lina la Ashasta lotchedwa Shasta Indian Nation mpaka pano silinavomerezedwe ndi boma la dziko lonse. Damu la Copco 1, lomalizidwa mu 1918, linamiza malo awo pa mtsinje wa Klamath. Mu 2024 ntchito yogumula madamu anayi a mtsinjewu, kuphatikizapo Copco 1, inatha, ndipo chaka chomwecho bwanamkubwa Gavin Newsom analengeza kuti boma la California likuchirikiza zobwezera Shasta Indian Nation maekala oposa 2,800 a malo amenewo.