Mfuti yophulika imene inabala .44 Magnum

Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 70 chifikireni chipolopolo cha .44 Magnum m'masitolo a ku America, koma alenje a kumeneko akadakanganabe kuti mwini wake ndani. Ena amati ndi kampani za Remington ndi Smith & Wesson, poti ndizo zinachipanga ndi kuchigulitsa. Ena amaloza Elmer Keith, woweta ng'ombe wa chipewa chachikulu, yemwe anabadwa mu 1899, n'kukulira ku Montana, kenaka n'kukakhazikika ku Salmon m'chigawo cha Idaho.

Nkhaniyi imayambira pa mfuti ya m'manja ya Colt Single Action Army ya mu 1873. Ili ndi silinda ya zibowo 6, ndipo musanawombe chipolopolo chilichonse mumayenera kuyamba mwakokera kumbuyo kahamala kake ndi chala chachikulu. Ali mnyamata, Keith ankayenda ndi mfuti zoterezi, ndipo zipolopolo ankakonza yekha: kusungunula mtovu, kuuthira m'chikombole, kupima wonga, n'kudzazanso makoko amene anawombera kale.

M'zaka za m'ma 1920 anapitirira muyeso. Anatenga mtovu wolemera pafupifupi magalamu 19, wofunika mfuti yaikulu ya pa phewa, n'kuuika m'makoko a .45 Colt odzaza ndi wonga wakuda. Mfuti inaphulika ili m'manja. Nkhaniyi timaimvera kwa mwini wake, amene anailemba m'magazini ya American Rifleman, ndipo olemba ena onse amangobwereza zake. Komabe n'zovuta kuikayikira, chifukwa munthu wokonda kudzitama ngati iye sakanapeka nkhani yodzichotsa nayo ulemu.

Chimene anachita ataphulitsa mfutiyo ndiye pagona nkhani. Wina akanachepetsa wonga n'kukhala phee. Keith anayang'ana silinda ija n'kuona kuti zibowo za .45 n'zazikulu moti chitsulo chotsala pakati pake n'chopyapyala. Silinda ya kukula komweko ikabooledwa zibowo za .44 Special, zochepa pang'ono, chitsulo chimatsala chochindikala. Basi anasamukira kumeneko. Anakonzanso mtovu wa kapangidwe kake, wa mutu wafulati ndi phewa lakuthwa loboola bwino, wolemera magalamu 16, womwe chikombole chake chimadziwika ndi nambala 429421 mpaka lero. Zipolopolo za .44 Special za m'sitolo zinkathamanga mamita pafupifupi 230 pa sekondi. Zake, atayamba kugwiritsa ntchito wonga wotchedwa 2400 m'ma 1930, zinkafika pa mamita 365. Apa kamfuti ka m'chiuno kanasanduka chida chophera gwape ndi nyama zina zikuluzikulu.

Zaka zotsatira zinangothera m'kulemba ndi kuchonderera kuti makampani azigulitsa zipolopolo zamphamvu chonchi. Iwo ankakana, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka: m'manja mwa anthu munali mfuti zakale zofooka zambirimbiri, ndiye wina akavulala mlandu ukanagwera iwo. Njira imene anaipeza mu 1955 inali yanzeru ndithu. Anatalikitsa khoko ndi mamilimita atatu kuti lisalowe m'mfuti zakale. Amene amaikira kumbuyo makampani amagwira pamenepa, amvekere Keith anapempha .44 Special yamphamvu basi, koma chimene chinatuluka chinali chipolopolo chatsopano chothamanga kuposa chake. N'zoona. Koma mainjiniyawo anayenda m'njira imene munthu wina anailambula kwa zaka pafupifupi 30, akuika zala zake pa chiswe.

Mfuti ya Smith & Wesson yowombera chipolopolo chatsopanochi sinali ya single action, mtundu uja wofuna kuyamba mwakokera kahamala kumbuyo. Amene anabwezera chipolopolochi ku mtundu wakale uja ndi Bill Ruger, wa kampani yopanga mfuti ya Ruger, ndi mfuti yake ya Blackhawk ya mu 1956. Pa za mmene anadziwira za chipolopolochi chikadali chinsinsi pali nkhani ziwiri. Ina imati wantchito wake anatola makoko olembedwa .44 Magnum pa malo otayira zitsulo. Ina imati munthu wa ku Remington anangomupatsa. Zonse n'zapakamwa, ngakhale kuti yachiwiriyo ikumveka yosavuta, poti Ruger anali ku Southport ndipo Remington ku Bridgeport, matauni oyandikana m'chigawo cha Connecticut. Mu 1959 kunabwera Super Blackhawk, yolemerako, imene alenje ambiri ofuna mfuti yolimba koma yotsika mtengo anaikonda.

Otsutsa Keith ali ndi ndodo ina yomukwapulira. Iye analemba kuti anapha gwape wa mtundu wa mule deer pa mtunda wa mayadi 600, omwe ndi mamita pafupifupi 550, ndi .44 Magnum ya Smith & Wesson. Ambiri anati ndi bodza lankunkhuniza. Ena anati ngati n'zoona ndiye kuti kunali kusewera ndi moyo wa nyama. Mtundawo ndi mawu ake, ndipo aliyense ali ndi ufulu wochotserapo. Koma onyozawo kawirikawiri amadumpha zimene iye mwini anafotokoza: gwapeyo anali atavulazidwa kale ndi mlenje mnzake wa mfuti yaikulu ndipo ankathawa ndi bala, komanso zipolopolo zoyamba za Keith zinaphonya, iye n'kumakweza mfuti poona pamene zikugwera.