Musanagule masipuling'i ndi ma shock, yambani mwaiyeza galimoto pasikelo

Galimoto yomwe imapita kuntchito mkati mwa sabata, n'kukalowa m'misewu ya miyala ndi matope kumapeto kwa sabata, siifunika kuikweza kwambiri. Mamilimita 40 mpaka 50 ndi okwana. Pamenepo mimba ya galimoto imatalikirako ndi miyala, tayala lokulirapo limapeza malo, koma ziwalo zina zimagwirabe ntchito moyandikira mmene fakitale inazikonzera. Chimene chimasokoneza magalimoto ambiri otere si msinkhu ayi, koma kuti mwiniwake anagula masipuling'i a katundu amene sanyamula.

Sipuling'i ndi shock zili ndi ntchito zosiyana. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera, ndipo ndiyo imakhazikitsa msinkhu wa galimoto. Shock siisenza katundu. Ntchito yake ndi kugwira sipuling'i kuti isamangonjanja ikamenya bampu. Choncho galimoto ikakhala pansi kumbuyo, ma shock atsopano sangaidzutse, ndipo ikamanjanja kawiri katatu itadutsa dzenje limodzi, masipuling'i olimba angowonjezera vutolo.

Dzadzani mafuta, ikani zonse zimene zimakhala m'galimotomo masiku onse, mupite nayo pasikelo ya magalimoto. Yezani ekiselo yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha. Bampala yachitsulo imalemera makilogalamu 50 kapena kuposa, winch (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira) imawonjezera 30 mpaka 40, batire lachiwiri pafupifupi 25. Bampala ndi winch zimakhala kutsogolo kwa matayala, motero zimapanikiza masipuling'i akutsogolo kuposa kulemera kwake kwenikweni, kwinaku zikupeputsa kumbuyo. Makampani monga Old Man Emu, Dobinsons ndi Ironman 4x4 amagawa masipuling'i awo motsatira zimenezi: ena ndi a galimoto yopanda chowonjezera, ena ya bampala yokha, ena ya bampala ndi winch. Akumbuyo amalembedwa katundu amene ayenera kukhalapo nthawi zonse, monga makilogalamu 300 kapena 500.

Mawu oti "nthawi zonse" ndiwo anthu amawadumpha. Pikapu ngati Toyota Hilux kapena Isuzu D-Max yomwe imayenda yopanda kanthu masiku ambiri, mukaiika masipuling'i a makilogalamu 500, kumbuyo kumauma gwa. Okhala pampando wakumbuyo amamva mwala uliwonse mumsana. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti pa tizitunda ta msewu wafumbi, tija timakhala ngati mizere ya lata, matayala akumbuyo amadumphadumpha osagwira pansi, ndipo pakona galimoto imataya matako. Sankhani sipuling'i ya katundu wa Lachiwiri wamba, osati wa ulendo umodzi wa pachaka. Kumbukiraninso kuti masipuling'i olimba sasintha malire a kulemera amene fakitale inalemba pa kachitsulo ka pachitseko kapena mu injini. Mabuleki, ekiselo ndi chasisi zimakhala zomwe zija.

Ndalama zambiri zipite ku ma shock, chifukwa ndiwo mudzawamve tsiku lililonse. Shock imasandutsa kugwedezeka kukhala kutentha. Pamsewu wa tizitunda pistoni imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi, oyilo amatentha, amapyapyala, nthawi zina amachita thovu, ndipo shock imafooka mpaka galimoto kuyamba kuyandama. Mtundu wa twin-tube uli ndi machubu awiri, china mkati mwa chinzake. Umayenda mofewa pa liwiro lochepa, ndipo mwala ukaphwanyako chubu chakunja pistoni imayendabe. Koma kutentha kumachedwa kutuluka. Mtundu wa monotube, monga Bilstein 5100 ya pistoni ya mamilimita 46, uli ndi chubu chimodzi, ndipo gasi analekanitsidwa ndi oyilo ndi kapistoni kena. Umazizira msanga, suchita thovu wamba, koma umamveka wolimbirapo pa timabampu ta m'tauni, komanso chubu chikatifuka pistoni imakakamira. Pali ena okhala ndi kabotolo ka oyilo pambali. Ndi abwino zedi kwa munthu woyenda maola ambiri pa tizitunda atasenza katundu, koma amafuna kumasulidwa n'kusinthidwa oyilo ndi masilo pakapita nthawi. Kwa galimoto yomwe nthawi zambiri ili pa tara, twin-tube yayikulu bwino kapena monotube wamba ndi yokwana, bola ikhale yopangidwira sipuling'i imene mwasankhayo. N'chifukwa chake kugula zonse kwa kampani imodzi kumakhala kwanzeru kusiyana ndi kuphatikiza za uku ndi uku.

Utali wa shock nawo uwonedwe. Shock yayitali imakhalanso yayitali ikafinyika. Ngati yafika pamapeto mphira woletsa ekiselo asanagunde, mphamvu yonse ya dzenje imathera mu shock ndi pomangira pake. Makaniko wodziwa ntchito amayeza zimenezi asanamange.

Za ma spacer, timbale tija toika pamwamba pa strut (shock yakutsogolo yomangidwa pamodzi ndi sipuling'i yake), nazi. Pa magalimoto amene tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, monga Hilux, Ford Ranger ndi Land Cruiser Prado, strut imamangidwa chapakati pa mkono wapansi, chitsulo cholumikiza tayala ku chasisi, ndiye spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri kake. N'zotsika mtengo, ndipo galimoto imaoneka yokwera. Koma sipuling'i ndi shock ndi zakale zomwe zija, ndipo tayala likalendewera m'dzenje limatsika kupitirira pomwe ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi tayala) ndi CV joint (mfundo ya shafuti yozungulitsa tayala) zinapangidwira. Ngati ma shock anu atopa kale, spacer ndi ndalama yotaya.

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Pa magalimoto amenewa, kukweza sikuwonjezera mtunda umene tayala limayenda chokwera ndi chotsika; kumangosuntha pomwe tayala limakhala pakati pa mtundawo. Mamilimita amene mwapeza m'mwamba mwawachotsa pansi. Yesani chonchi: galimoto ili pamalo osalala, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika pamlomo wa madigadi. Kenaka ikwezeni ndi jeke pachasisi mpaka tayala litasiya pansi, muyezenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko mpata umene tayala lili nawo wotsikira m'dzenje. Ukachepera mamilimita pafupifupi 60, mudzamva kugunda kwa "gu!" kutsogolo nthawi iliyonse mukatsika bampu, ndipo tayala lidzasiya pansi msanga. Lembani manambala a magudumu onse anayi musanayambe ntchito ndiponso mukamaliza.

Kukweza kumapendeketsanso mashafuti akutsogolo. Mphira wa CV joint amapindika kwambiri, mizere yake imakhulana, amang'ambika, girisi n'kutayika, fumbi n'kulowa. Mpaka mamilimita 50 zimenezi zimapiririka. Kupitirira apo, ziwalo zimayamba kutha motsatizana. Caster, kupendekera m'mbuyo kwa mzere umene tayala lakutsogolo limakhotera, nayo imachepa, ndipo chizindikiro chake ndi chiwongolero chopepuka chosabwerera pakati mukatuluka pakona, galimoto n'kumayendayenda mumsewu. Pitani ku alayimenti kaye. Mabawuti osinthira akafika pamapeto manambala asanalowe m'malire a fakitale, kapena mkono wapamwamba ukamakhudza sipuling'i tayala likalendewera, pamenepo gulani mikono yapamwamba yokonzedwera galimoto yokwezedwa. Tengani ya ball joint yotsekedwa ndi mphira ndi mabushi a mphira. Ija ya mpira wachitsulo wapamtunda imadya fumbi, imalira, ndipo imatha msanga pa galimoto ya tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo kuli zake. Pa galimoto ya masipuling'i opiringizika monga Prado ndi Fortuner, ndodo ya panhard, yomwe imaletsa ekiselo kusunthira m'mbali, imakokera ekiselo mbali imodzi mukakweza. Yosinthika utali imaibwezera pakati. Pa pikapu, kunjenjemera ponyamuka kumachokera ku propshaft (shafuti yopereka mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo) yomwe yapendekeka, ndipo kumatha potsitsa pang'ono bering'i yapakati kapena kuika timphero pansi pa masipuling'i. Ekiselo italendewera, gwirani mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza pomanga mabuleki): akakhala okungika ngati chingwe cha uta, afunika aatali kapena kusuntha pomangira. Mapikapu akale ali ndi valavu yogawa mphamvu ya mabuleki motsatira katundu; mukakweza osasuntha kandodo kake, imayesa kumbuyo n'kopanda kanthu, n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo. Musachotse sway bar, chitsulo cholumikiza mbali ziwiri za galimoto kuti isapendekeke kwambiri. Galimoto yokwera imapendekeka kwambiri pakona, ndipo chitsulo chimenechi ndicho chimaithandiza mukazemba mwana kapena njinga mwadzidzidzi.

Difu yakumbuyo, chotupa chija cha pakati pa ekiselo, siikwera ndi masipuling'i ngakhale pang'ono. Imakwezedwa ndi matayala okha. Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17 kumakulitsa tayala kuchoka pa mamilimita 776 kufika 803, kutanthauza mamilimita 13 okha pansi pa difu, ndipo liwiro lenileni limaposa lakale ndi 3 pa 100 iliyonse pomwe muvi ukuloza pomwe paja. Matayala olembedwa LT, opangidwira magalimoto onyamula katundu, ali ndi khoma lolimba, choncho mukawapopa mopitirira, mudzanamizira ma shock mlandu wa mpweya.

Pomanga, mabawuti onse odutsa m'mabushi a mphira amangidwe komaliza galimoto itatsika pajeke, itaima pa matayala ake. Mukawamanga ili m'mwamba, mphira amakhala wopotoka kuyambira tsiku loyamba, ndipo amang'ambika pa miyezi yochepa. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira masipuling'i akumbuyo a pikapu ku ekiselo, akhale atsopano, chifukwa akale anatamuka kale. Sipuling'i yakutsogolo ifinyidwe ndi makina a m'galaja, osati tizingowe totchipa. Ikapulumuka imatha kuswa mutu wa munthu. Mukamaliza chitani alayimenti, tsitsani magetsi akutsogolo kuti asathobwe anzanu m'maso, ndipo galimoto ya kamera kapena radar kutsogolo ikawunikidwe ndi makina ake. Mukayenda makilomita 500, kungani ma U-bolt kachiwiri, yezaninso magudumu anayi aja ndi tepi, ndipo ngati masipuling'i akhazikika n'kutsikako, bwererani ku alayimenti.